Eleanor wapambana mlandu, koma Mustang zakale zili pamoto

Amene munaonera kanema wa Gone in 60 Seconds wa m'chaka cha 2000 mukuikumbukira galimoto ija Nicolas Cage ankaisisita ngati mkazi, n'kumaitchula kuti Eleanor. Inali Ford Mustang ya 1967 yovekedwa ngati Shelby GT500. Kanemayo atangotuluka, amakaniko ambiri ku America anayamba kupanga zofanizira zake.

Mayi Denice Halicki, mkazi wa malemu amene anapanga kanema woyamba wa 1974, anakhala zaka zambiri akukokera anthu kukhoti ponena kuti Eleanor ndi wawo. Mu May 2025 bwalo la apilo ku America linagamula kuti Eleanor ndi chipangizo chabe cha m'kanema, choncho sangatetezedwe ndi lamulo la umwini wa zopeka. Opanga zofanizira anavina.

Ine sindinavine nawo kwenikweni. Funso langa ndi ili: kodi Eleanor watsopanoyo amachokera kuti? Nthawi zambiri munthu amagula Mustang yeniyeni ya 1967 kapena 1968, yomwe yapulumuka dzimbiri zaka zoposa 50, n'kuidula, kuimata mapulasitiki m'mbali, kuchotsa injini yake n'kuikamo ina. Pomaliza pali galimoto yokongola, inde, koma yakale ija yapita basi. Fakitale siidzapanganso ina ya chaka chimenecho.

Ndiye taonani mtengo wa chinthu chosakhudzidwa. Mustang yobiriwira imene Steve McQueen anayendetsa m'kanema wa Bullitt wa 1968 inagulitsidwa pa okishoni ku Florida mu January 2020 pa madola 3.74 miliyoni. Penti yosuwa, dzimbiri pena ndi pena, osaikonzanso kuti iwale. Wogulayo ankalipira mbiri ndi nambala ya chesisi. Mu 2014 Plymouth Hemi 'Cuda ya 1971 yotsegula denga inapita pa madola 3.5 miliyoni.

Pamene pali ndalama zotere, akathyali sasowa. Wina amatenga Barracuda wamba, kuikamo injini ya Hemi, kupaka penti ndi zizindikiro, mwinanso kusintha kachitsulo ka nambala, n'kuuza wogula kuti ndi yeniyeni. Amalonda mukuidziwa nkhaniyi, eti? Katundu wofanizira salakwa akakhala pa mtengo wake ndi dzina lake. Umbava umayamba pamene wogulitsa wabisa.

Sikuti ndikudana ndi zofanizira, ayi. Galimoto ya madola mamiliyoni imangogona m'garaja, mwini wake kuopa ngakhale fumbi, pamene yofanizira imayenda pamsewu, ili ndi mabuleki abwino, ana n'kumaithamangira. Shelby Cobra zenizeni za m'ma 1960 zinapangidwa pafupifupi 1,000 zokha, ndipo anthu ambiri amene anaionapo Cobra ndi maso anaona yofanizira. Zina mwa zabwino kwambiri, za Superformance, zimapangidwa konkuno kumwera kwa Africa, ku Gqeberha, komwe kale kunkatchedwa Port Elizabeth.

Njira yosawononga ilipo kale. Kampani ya Dynacorn imagulitsa mabodi atsopano a Mustang ya 1967 ndi chilolezo cha Ford, ndipo lamulo la ku America la 2015 limalola makampani ang'onoang'ono kupanga galimoto zofanizira zosapitirira 325 pa chaka. Wofuna Eleanor agule bodi latsopanolo, adule mmene angafunire, ndipo pa mapepala alembe kuti ndi yofanizira. Mustang ya agogo ija aisiye ndi injini yake.