Zivomezi ndi cigwa ca Luangwa: kodi Chipata akhala pa nthaka yotani?

Pa 10 March 1989 civomezi ca mphamvu yopitirira 6 pa sikelo cinagwedeza boma la Salima ku Malawi. Cinapha anthu asanu ndi anayi, ndipo ena pafupifupi 50,000 anatsala opanda pogona. Salima ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 200 cabe kucokera ku Chipata. Mu December 2009 zivomezi zotsatizana zinagwetsa nyumba zikwizikwi ku Karonga, ndipo pa 24 February 2017 ca mphamvu ya 5.9 cinagwedeza dera la Kaputa muno m'Zambia.

Akatswiri a miyala afotokoza kuti pamwamba pa dziko lapansi sipali pogwirana ponse, koma pali ngati mapale a mphika wosweka amene ayenda pang'onopang'ono. Kum'mawa kwa Africa mapale amenewa akupatukana ndi mamilimita owerengeka pa caka. Nyanja ya Malawi ndi ya Tanganyika zikhala m'mng'alu umenewu.

Ganizoli linatenga zaka makumi asanu kuti livomerezedwe. Alfred Wegener wa ku Germany ananena mu 1912 kuti makontinenti anali dziko limodzi kalekale, koma anzake ambiri anamutsutsa cifukwa sanathe kuonetsa mphamvu imene ikanawasuntha. Anamwalira ku Greenland mu 1930 mlandu usanathe. Mmodzi mwa ocepa amene anaima naye anali Alexander du Toit wa ku South Africa, amene anapeza kuti miyala ya kumwera kwa Africa ifanana ndi ya ku South America.

Zina mwa zimene zinadula mlanduwo ndi zivomezi. Kuyambira mu 1961 dziko la America linaika makina oyezera kugwedezeka kwa nthaka m'maiko ambiri, colinga cake cikhala kumvetsera mabomba a nyukiliya ophulitsidwa pansi pa nthaka. Makinawo anamvanso zivomezi, ndipo malo ake atalembedwa pa mapu zinaoneka kuti sizigwa paliponse: zindandalika m'mizere yopyapyala, m'malire a mapale aja. Mu 1968 Bryan Isacks, Jack Oliver ndi Lynn Sykes anaonetsa kuti ngakhale mmene miyala imatsetserekera pa civomezi zigwirizana ndi kumene mapalewo akulowera.

Kwa anthu a ku Eastern Province nkhaniyi siili patali. Cigwa ca Luangwa, kumene alendo apita kukaona nyama ku Mfuwe, ndi mng'alu wakale kwambiri, wa zaka zopitirira mamiliyoni 250, ndipo mapiri a Muchinga ndiwo mlomo wake wa kumadzulo. Akatswiri ena akhulupirira kuti ming'alu yakale imeneyi yayambanso kuyenda. Conco Chipata ali pakati pa zigwa ziwiri zotere, ca Luangwa ndi ca nyanja ya Malawi.

Sayansi imeneyi idziwa malo, koma sidziwa tsiku. Palibe katswiri amene angalosere kuti civomezi cidzafika liti. Cimene cidziwika bwino ndi mtundu wa nyumba zimene zimagwa: ku Karonga zambiri zinali za njerwa zomangidwa ndi dothi, zopanda lamba wa konkire pamwamba pa mazenera. Nyumba zotere zilinso zambiri m'makomboni a Chipata, amene anakhala mzinda mu 2017, ndipo zina zikukwera m'mapiri ozungulira mzindawu. Funso limene likhalira khonsolo ndi lakuti, kodi amene amavomereza mapulani a nyumba amafunsako za lamba ameneyu?