MSEU SI BWALO LA MPIKISANO

Anzathu achinyamata, mafana ndi masisteri a m'matauni monse,

Lero tikambe za pamseu. Aliyense wokwera minibasi ya Limbe kudutsa pa Chipembere Highway, kapena ya ku Area 25 ku Lilongwe, akuzidziwa izi: dalaivala kupitirira mnzake pakona, kulowa mbali ya oyenda pansi pothawa mzere, kuima paliponse akangoona pasenjala, kuimbira hutala gogo amene ali pakati pa zebra crossing. Wa kabaza akapanda kupatuka msanga, amukankhira kungalande. Mukadandaula, kondakitala akuti "tsikani mugule yanu."

Kodi malamulo kulibe? Alipo. Road Traffic Act ya 1997 imaletsa kuyendetsa mosasamala, kuthamanga mopyola malire, kuyendetsa utaledzera komanso kunyamula anthu opyola muyeso. Wopha munthu chifukwa choyendetsa mosasamala amakayankha mlandu kukhoti. Galimoto yopanda COF siyenera kukhala pamseu.

Nanga bwanji sizikusintha? Pali zinthu ziwiri.

Choyamba ndi target. Mwini minibasi amafuna ndalama yake yatsiku, mafuta akwere asakwere. Dalaivala amadya zotsala. Ndiye amathamangitsana ndi nthawi, ife n'kukhala katundu, anayianayi pampando wa atatu.

Chachiwiri ndi "ya fanta". Mlandu wofunika chindapusa ndi lisiti la boma ukuthera kuseri kwa galimoto. Dalaivala akadziwa kuti lamulo lili ndi mtengo wake, aliopa bwanji?

Tikufuna izi:
1. Chindapusa chilichonse chikhale ndi lisiti. Wapolisi wolandira chiphuphu akaonekere ku ACB.
2. A DRTSS alande laisensi ya dalaivala wobwereza mlandu woyendetsa mosasamala.
3. Eni minibasi azilipira madalaivala malipiro okhazikika, target ithe.
4. Makhonsolo ajambulenso ma zebra crossing ofufutika, makamaka pafupi ndi masukulu ndi misika.

Koma nafenso tisanamizane. Ndi ife timakuwa kuti "adala pondani, tachedwa!" Ndi ife timakwera njinga yamoto atatu opanda helemeti. Kuyambira mawa, dalaivala akayamba misala, lankhulani. Mmodzi akalankhula, enanu muvomereze, musamusiye yekha. Lembani nambala ya galimoto, mukanene kupolisi. Ikadzaza, dikirani ina.

Tatopa kusonkha ya bokosi la anzathu amene anangopita kukasaka ya ndiwo.

Tumizani uthengawu m'magulu onse, mpaka ufike kwa eni minibasi.