Mtsikana Amabwelela ku Sukulu Yokonzedwa

Tonse tikumbukila ciyambi ca caka ca 2024. Masukulu anayenela kutsegulidwa pa 8 January, koma cifukwa ca kolela boma linakankhila tsikulo pa 29 January, kenaka pa 12 February. Bwalo la National Heroes Stadium linasanduka cipatala, ndipo matendawo anapha anthu opitilila 700 m'dziko muno. M'makomboni monga Kanyama, madzi a mvula amasefukila m'zimbudzi zokumba ndi kulowa m'zitsime. Madzi omwewo amagwetsanso zimbudzi za pasukulu.

Belu likalilanso pambuyo pa tsoka lotele, mnyamata sacedwa kubwelela m'kalasi. Mtsikana ndiye amene anali kutunga madzi, kudwazika odwala ndi kulela ang'ono ake, ndipo nchito izi sizitha tsiku lotsegulila sukulu. Akafika n'kupeza cimbudzi cilibe citseko, pampopi palibe madzi, amakhala kunyumba masiku ake a kumwezi. Akajomba mwezi ndi mwezi amatsalila m'maphunzilo, mapeto ake makolo amayamba kukamba za ukwati kapena za nchito ya m'nyumba.

Anansi athu a ku Malawi anaona zazikulu koposa mu March 2023, pamene namondwe Freddy anaononga masukulu mazanamazana kum'mwela kwa dzikolo, ndipo makalasi ambili otsala anakhala misasa ya anthu osowa pokhala. Phunzilo lake ndi limodzi ndi lathu: sukulu ikakhalitsa yosakonzedwa, mtsikana amapezeledwa zocita zina.

Malamulo abwino tili nawo. Kuyambila 1997 mtsikana amaloledwa kubwelela ku sukulu atabeleka. Kuyambila January 2022 maphunzilo m'masukulu a boma ndi aulele, ndipo lamulo la mu December 2023 linaletsa ukwati wa aliyense wosafika zaka 18, ngakhale wa mwambo. Koma lamulo silikhoma citseko pa cimbudzi. Ndiponso maphunzilo aulele anaculukitsa ana, motelo zimbudzi zomwe zija tsopano zitumikila khamu lalikulu.

Nanga ife ticitenji? Coyamba, makomiti a citukuko a m'mawadi akamalandila maganizo a ndalama za CDF, akhristu a ku Kabwata ndi Chelstone tipezekeko, tipemphe kuti zimbudzi za atsikana ndi madzi zikhale patsogolo pamodzi ndi madenga ndi madesiki. Caciwili, bungwe la amai m'mpingo uliwonse licezele sukulu yapafupi ndi kufunsa aphunzitsi aakulu kuti ndi atsikana angati amene sanabwelele. Cacitatu, tidzifunse tokha. Ngati m'nyumba zathu ku Woodlands kapena Kabulonga muli mtsikana wanchito wa msinkhu wa sukulu, kodi sitili pakati pa amene amutsekeleza njila?

Pa Nehemiya 3:12 timawelenga kuti Salumu anakonza cigawo cake ca linga la Yerusalemu pamodzi ndi ana ake aakazi. Nafenso tili ndi cigawo cathu. Mvula isanabwelenso, tiyeni ticikonze.