Werengani Ulendo Musanakwere Njinga ya Magetsi

Palibe ciwiya cimene cathandiza munthu wa ku mudzi kuno ku cigawo ca Kum'mawa kuposa njinga. Yanyamula cimanga ndi nshawa kupita ku msika, yanyamula odwala kupita ku cipatala, ndipo mu mzinda wa Chipata anyamata ambiri adyetsa mabanja ao ponyamula anthu pa kaliyala. Acikulire akumbukirabe njinga za Eagle zimene zinali kupangidwa pa fakitale ya Luangwa Industries ku Chipata m'zaka za m'ma 1980. Tsopano pali njinga ya mtundu wina, njinga ya magetsi. Zikali zocepa m'midzi mwathu ndipo mtengo wake ndi wokwera, koma ndi bwino kuti tiidziwe isanaculuke, pamodzi ndi mnzake amene ayenda nayo masiku ano, ndiye mapu a pa foni.

Njinga ya magetsi iri ndi batiri ndi kainjini kakang'ono kamene kathandiza miyendo pamene munthu ali kupalasa. M'maiko a ku Ulaya lamulo linena kuti kainjini aka kasapitirire mphamvu ya mawati 250, ndiponso kaleke kuthandiza liwiro likafika makilomita 25 pa ola. Mabatiri ambiri afuna maola 4 kufikira 6 kuti adzale. Mphamvu ikatha pa njira, njinga siima ai, koma isanduka katundu. Zambiri zilemera makilogramu 25 kapena kuposerapo, ndipo mukaonjezapo thumba la makilogramu 50 la feteleza, citunda cimene munakwera mukuimba m'mawa mudzacikwera madzulo muli pansi, mukukankha.

Cifukwa ca ici, funso la wa paulendo lasintha. Pa njinga wamba munthu afunsa cabe kuti njira ndi iti. Pa njinga ya magetsi ayenera kufunsanso kuti, kodi mphamvu imene ndiri nayo idzandifikitsa ndi kundibweza? Ife tiona kuti apa ndi pamene pali nchito yeniyeni ya mapu a pa foni. Nchito yao ndiyo kuwerenga ulendo munthu asananyamuke. Za mmene njirayo iliri lero, afunsidwe eni dera.

Poyamba timvetse mmene foni idziwira malo amene tiri. Kumwamba, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, kuzungulira masetilaiti a GPS oposa 24. Anaponyedwa ndi dziko la America. Yoyamba inapita mu 1978, ndipo kuyambira mu 2000 anthu wamba analoledwa kulandira zizindikiro zake zosasokonezedwa dala. Russia, China ndi maiko a ku Ulaya ali ndi masetilaiti ao ocita nchito yomweyo. Setilaiti iriyonse itumiza nthawi yake ndi malo ake. Foni ikamva masetilaiti anai, iwerengera yokha pamene iri, ndipo pa bwalo poyera siphonya ndi mamita ambiri.

Anthu ambiri aganiza kuti zimenezi zidya ndalama za m'foni. Sizitero. Kumva masetilaiti ndi kwaulere ndipo sikufuna netiweki. Cimene cifuna intaneti ndi cithunzi ca mapu cokha. Conco wanzeru akopa mapu a boma lake lonse ndi kuwasunga m'foni pamene ali pa malo a netiweki yabwino, monga pa Katete, Petauke kapena Lundazi. Koma dziwani kuti Google Maps ikakhala yopanda intaneti ipatsa njira ya galimoto yokha. Mapulogramu ena, monga OsmAnd ndi Organic Maps, atha kupatsa njira ya njinga ngakhale pakati pa chire.

Zinthu ziwiri mapu awa azicita bwino kopambana. Coyamba, auza mtunda weniweni. Tonse tidziwa "pafupi pomwepa" wa ku mudzi, amene nthawi zina ndi ulendo wa maola atatu. Caciwiri, mapulogramu ena aonetsa zitunda ndi zigwa za pa njira. Ici ncofunika kwambiri, pakuti batiri itha msanga pokwera. Mzinda wa Chipata uli pamwamba kuposa Mfuwe ndi mamita oposa 500. Munthu wotsikira ku cigwa ca Luangwa aona batiri yake iri yodzala ndipo mtima ukhala pansi, osadziwa kuti ngongole yonse adzailipira pobwerera. Cimodzimodzi pa mapiri a Kacholola, pakati pa Nyimba ndi ulalo wa Luangwa. Makilomita amene opanga njinga alemba pa pepala ndi a mseu wa tara wosalala ndi munthu wopanda katundu. Mcenga, mphepo ya kumaso, matayala osapopa bwino ndi katundu wolemera, zonsezi zidula mtunda umenewo. Uphungu wathu ndi uwu: gawani mphamvu ya batiri patatu. Gawo limodzi la popita, lina la pobwera, lacitatu la zosayembekezeka. Ngati mapu aonetsa kuti ulendo uposa pamenepo, konzeranitu pochajira kapena cepetsani katundu.

Koma pali zambiri zimene foni siziona. Mtsinje wa Lupande umene munthu aoloka pa mcenga mu Okutobala ndi womwewo umene ukokolola ng'ombe mu Febuluwale, ndipo pa mapu uoneka cimodzimodzi caka conse. Madzi saiwala khwawa, koma foni siidziwa tsiku limene abwerera. Siidziwa kuti kaulalo ka mitengo kanathyoka sabata yatha, kapena kuti dambo lasanduka matope ofika m'maondo, ndipo madzi ndi mdani wa batiri. Siidziwa kuti njovu zaima pa njira ku Mambwe. Siidziwa mwambo: itha kuonetsa njira yacidule yopyola pa manda, pa dimba la mwini, kapena pafupi ndi dambwe pamene wosalowa saloledwa kufika, ndipo mlandu wake sudzagwera foni. Mukaiwala kuiuza kuti muli pa njinga, idzakuponyani pa mseu wa Great East pakati pa malole akulu, pamene kanjira kabwino ka m'mbali kalipo.

Ena mwa acikulire anena kuti makolo anayenda kufikira ku migodi ya ku Harare ndi ku Joni popanda mapu, nanga ife tifuniranji? Mau awa ali ndi nzeru, ndipo munthu safuna foni kuti apeze munda wake. Koma ganizani za namwino amene wangotumizidwa kumene ku cipatala ca kumudzi, mlangizi wa zaulimi amene ayendera midzi yambiri, kapena wogula nshawa wocokera ku boma lina. Ganizaninso za munthu amene njinga yamufera usiku: ngati pali netiweki, atha kutumizira abale ake malo enieni amene ali, ndipo amupeza msanga. Kukana cida cotere ndi kudzimana. Komabe acinyamata amene apyola mudzi maso ali pa foni, osapatsa moni ngakhale kufunsa za kutsogolo, akumbukire kuti safunsa anadya phula. Foni ikuuzeni mtunda, ndipo mai amene ali pa citsime akuuzeni ngati mtsinje uoloka.

Pali zina zoyenera kusamala. Musagwire foni m'manja pamene njinga iri kuyenda. Pa liwiro la makilomita 25 pa ola, kuyang'ana pansi masekondi atatu ndiko kuyenda mamita 20 muli wakhungu, ndipo mwana kapena mbuzi safuna mtunda woposa uwo. Imangeni zolimba pa mahandulo, kapena iikeni m'thumba ndi kumvera mau ake, ndipo mukafuna kuona mapu, imani. Dzuwa la Okutobala litenthetsa foni kufikira izima yokha, ndiponso galasi loyaka nthawi yonse limaliza batiri yake. Tisaiwale cilala ca 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku. Amene adalira njinga ya magetsi ndi foni ali ndi mabatiri awiri ofuna kudyetsa, conco sola ya pa nyumba kapena ya kagulu ka alimi iyenera kuwerengedwa pamodzi ndi mtengo wa njinga.

Cotsiriza cikhudza ife tonse. Mapu adziwa njira zokhazo zimene munthu wina anawauza. Misewu ya mu Lusaka inalembedwa bwino, koma midzi yathu yambiri iribe maina pa mapu, ndipo tinjira tambiri ta njinga sitioneka konse. Mapu a OpenStreetMap, amene anayambidwa ndi Steve Coast ku Britain mu 2004, alola munthu aliyense kuonjezapo zimene adziwa, kwaulere, ndipo ndiwo agwiritsidwa nchito ndi OsmAnd ndi Organic Maps. Foni itha kulemba njira yonse imene njinga yapitamo. Tipempha aziphunzitsi a masukulu a sekondale, acinyamata odziwa mafoni ndi makhonsolo a maboma kuti agwirizane pa nchito iyi. Apite kwa mafumu, apemphe cilolezo, amve maina oona a midzi ndi mitsinje, ndipo alembe zipatala, masukulu, zitsime, madepoti a cimanga ndi malo oolokera. Mutu umodzi susenza denga. Tikalekera alendo nchito iyi, adzalemba maina athu molakwa ndi kusiya njira zimene ife tiyendamo tsiku ndi tsiku.

Conco, inu amene muganiza zogula njinga ya magetsi, phunzirani kuwerenga mapu musanalipire ndalama. Onani mtunda wocokera kwanu kufika ku msika, ku cipatala ndi ku depoti, onani zitunda zake, ndipo mufunse wogulitsa ngati batiri yake ingathe ulendowo kupita ndi kubwera muli ndi katundu.