Kamera ya m'khosi, ngongole ya m'thumba

Sabata ino ndi nthawi yanga yolemba, ndiye mundipirire, chifukwa ena a inu ndikupondani pachilonda.

Nkhani yake ndi ya kamera. Masiku ano mnyamata kapena mtsikana akangogwira kandalama, kaya ka banki m'khonde, kaya kotumizidwa ndi achimwene a ku Joni, maganizo oyamba ndi ogula chikamera chachikulu chakuda chija, chosintha malenzi, choti akachikoleka m'khosi anthu azimupatsa njira. Mukamufunsa kuti uzijambula chiyani ndipo azikulipira ndani, yankho lake ndi loti "tikaona konko." Ine ngati munthu wa geni, mawu amenewo amandidula m'mimba. Kuoda katundu usanadziwe womugula, kumsika timati kugoneka mpamba. Ndiye ndinene poyera: ambiri a inu amene mukusilira kamera yaikulu mulibe nayo ntchito, ndipo amene akukulimbikitsani kugula sadzapezekapo tsiku lobweza ngongole.

Tiyambe ndi zoona zake, kuti wina asati mayi wa zitenjeyu ikumuvuta ndi nsanje. Kamera yaikulu ndi yaing'ono zimasiyanadi. M'kati mwa kamera iliyonse muli kachipangizo kolandira kuwala kamene amati sensa. Mvula ikamagwa, wina n'kutchera beseni wina kapu, mukudziwa amene atunge madzi ambiri. M'timakamera ta m'thumba totchipa tija, sensa yake ndi ya mamilimita 6 m'litali ndi 4 ndi theka m'lifupi, yochepa kuposa chikhadabo cha kachala kakang'ono. M'makamera osintha malenzi amene oyamba kumene amakonda kugula, monga Nikon D3500 kapena Canon EOS 2000D, onse a 2018, sensa yake ndi ya mamilimita pafupifupi 23 ndi 15. Malo olandirira kuwala ndi aakulu kuposa kakhumi. Makamera a akatswiri enieni, amene amati full frame, ndiye amafika 36 ndi 24. N'chifukwa chake m'tchalitchi chamdima kapena m'holo madzulo, kamera yaikulu imatulutsa nkhope yooneka bwino pamene kakang'ono katulutsa chithunzi changati chathiridwa mchenga. Zimenezo sindikutsutsa.

Chomwe ndikutsutsa ndi bodza loti mukagula thupi la kamera basi mwamaliza. Kamera zimenezi zimabwera ndi lenzi yolembedwa 18-55mm. Mukaikoka mpaka kumapeto kuti muyandikitse munthu, kabowo kolowera kuwala kamachepa kufika pa nambala ya f/5.6. Lenzi ina ya 50mm f/1.8, imene ojambula odziwa amayamba kugula, imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi kakhumi kuposa pamenepo. Zithunzi zimene mumasilira pa Facebook, mkwatibwi akuoneka bwinobwino kumbuyo kwake kuli mbuu ngati nkhungu ya ku Dedza, kawirikawiri zimachokera ku lenzi yotereyi. Imagulidwa padera, ndi ndalama ina. Koma ambiri ogula kamera yaikulu amakhala pa lenzi yobwera nayo mpaka kalekale, kabatani kali pa Auto, osayerekeza n'komwe kukasuntha. Kumeneko n'kuchita hayala lole kuti ikanyamule mtolo umodzi wa mpiru.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Tiyeni tiwerengetsere limodzi ngati tikuwerengetsa belo la kaunjika. Pambuyo pa lenzi pakufunika fulashi yapamwamba, chifukwa kafulashi kobadwa nako kamachititsa nkhope kunyezimira ngati munthu wadzola mafuta ophikira. Fulashiyo imadya mabatire akeake. Pakufunika batire yachiwiri ya kamera, poti magetsi athuwa mukuwadziwa. Pakufunika memore kadi yeniyeni, osati zija zolembedwa 64GB koma zikafika pakati n'kuyamba kumeza zithunzi. Pakufunika chikwama chotchinga fumbi ndi mvula. Pakufunika laputopu yosankhira ndi kukonzera zithunzi, chifukwa kasitomala salandira zithunzi zosapsa. Zonsezi palibe n'chimodzi chomwe chopangidwa kuno, zimagulidwa ndi ndalama yakunja. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo aliyense woitanitsa katundu kunja akukumbukira momwe mitengo inadumphira. Amene anali atagula thupi la kamera n'kumati lenzi ndidzagula mwezi wamawa, anangoiona lenziyo ikuthawa.

Komanso lenzi si nsapato yoti aliyense angabwereke. Ya Canon silowa pa Nikon. Ngakhale m'nyumba imodzi momwemo muli mavuto: mu 2018 Canon ndi Nikon onse anatulutsa makamera a mtundu watsopano, opanda kagalasi m'kati, okhala ndi polumikizira lenzi pena. Lenzi yakale kuti ikwane pa kamera yatsopano imafuna kachitsulo kolumikizira, kogulanso. Ndipo amene muli ndi Nikon D3500 kapena abale ake a D3000 ndi D5000, samalani ndi lenzi yotchipa ya 50mm yothera ndi chilembo D. Ilowa ndithu, koma siidzisakira yokha pomwe pali nkhope, muzichita kupotokola ndi dzanja mkwati akuvina. Yoyenera ndi yolembedwa AF-S. Wogulitsa wofuna kuchotsa katundu wake akuuzani zimenezi? Ine ndimagulitsa, ndikudziwa momwe pakamwa pamakomera mwezi ukakhala pakati.

Nanga fumbi? Nthawi iliyonse mukamasula lenzi, m'mimba mwa kamera mumakhala pamtunda. Chitani zimenezo pabwalo la mpira mu Okutobala, kapena m'mbali mwa msewu minibasi zikudutsa, muona timadontho takuda pa chithunzi chilichonse chimene muli thambo. Kupukuta sensa si ntchito ya mpango wa m'thumba. Mukaikanda, mwalira.

Chida china chimene ogulitsa amatikolera nacho ndi nambala ya ma megapixel. "Iyi ndi 24, mayi, inayo ndi 12 chabe." Funsani kuti zithunzizo zikupita kuti. Kutsukitsa chithunzi chachikulu ngati pepala la A4, chooneka bwino kwambiri, kumafuna ma megapixel pafupifupi 9. Ndipo tinene zoona, zithunzi zathu zambiri sizifika n'komwe kotsukitsa. Zimathera pa WhatsApp ndi pa Facebook, komwe zimafinyidwa kuti zisadye bandulo. Mumalipira ndalama ya ng'ombe, kasitomala n'kulandira nthuli.

Tsono tikambe za kakamera kakang'ono kamene mumakanyoza. Nakonso sindikanamizira. Tilipo ta mitundu iwiri. Pali takale totchipa tija ta sensa ya kachikhadabo. Tambiri mwa timeneti foni yabwinoko ya masiku ano inatipitirira kale, ndipo poti achinyamata akunja atitenga ngati fasho pa TikTok, mitengo yake yakwera popanda chifukwa. Timeneto musatayirepo ndalama. Koma pali ena apakati, monga Sony RX100 imene inayamba kutuluka mu 2012, kapena Canon PowerShot G7 X. Sensa yawo ndi ya mamilimita 13 ndi 9, yaikulu kanayi kuposa ya totchipa tija, ndipo lenzi yawo imatseguka mpaka f/1.8 mukapanda kuikoka. RX100 yoyambayo imalemera magalamu 240, kosakwana kota ya paketi ya shuga. Kamera yaikulu mukaimanga lenzi ndi fulashi imapitirira paketi yonse. Kakang'onoko kali ndi zofooka zake: lenzi yake siichoka, ndiye mchenga ukalowa n'kuikakamiza, kamera yonse yaima. Batire yakenso ndi yaing'ono. Opanga amati RX100 imajambula zithunzi 330 isanathe moto pamene D3500 imafika 1,550. Koma kamakwana m'kachikwama ka ndalama kam'chiuno, ndipo wakuba wa m'depoti sakaona.

Mfundo imeneyi musaipeputse. Kamera imene imatsala kunyumba chifukwa ndi yolemera, kapena chifukwa mukuopa kulandidwa, sijambula kanthu. Mwana amayamba kuyenda kamodzi. Agogo akaseka, sadikira kuti mutsegule chikwama, musankhe lenzi, muchotse chivindikiro. Ndiponso anthu akaona chikamera chachikulu amauma thupi, ena amabisa nkhope, ena amayamba kufunsa kuti mukatigulitsa kuti. Pamsika pathu mukabwera nacho, musanajambule n'komwe mumva "tipatseni ya fanta kaye." Kakang'ono anthu amakaiwala msanga, n'kupitiriza kukhala momwe alili.

Kwa amayi anzanga a geni ndiye ndilankhule mosapsatira. Inu mukufuna chitenje chioneke mtundu wake weniweni, kuti kasitomala wa ku Area 25 kapena ku Chilomoni asadzakubwezereni kuti pa foni chimaoneka chofiirira koma chabwera chofiira. Zimenezo zimatheka ndi kuwala. Ine zanga ndimajambula m'mawa, pamthunzi wa khonde dzuwa lisanakwere, nditayala pansalu yoyera, galasi la foni nditalipukuta. Pansi pa pepala la pulasitiki la buluu limene timafolera mabenchi, ngakhale mutabwera ndi kamera ya mamiliyoni, katundu yense atuluka wabuluu. Ndalama ya kamera yaikuluyo kaoderani katundu wina, azungulire, abereke.

Ndiye kamera yosintha malenzi agule ndani? Agule munthu amene zithunzi ndiye katundu wake. Wojambula maukwati, zinkhoswe, masewero a mpira, amene amagwira ntchito m'malo amdima ndiponso patali, pamene anthu akuthamanga kapena kuvina. Ameneyo kamera yaikulu ndi khasu lake, ndipo kupita ku ukwati wa eni ake ndi kakamera kosaona mumdima n'kuba, poti ukwati subwerezedwa. Koma nayenso ayankhe mafunso a geni asanatulutse ndalama. Ndi maukwati angati amene ajambule kuti mpamba ubwerere? Nanga miyezi ya mvula ndi ya fizi, maukwati akachepa, adya chiyani? Ngati akugula yogwiritsidwa kale ntchito, ndipo palibe chamanyazi pamenepo, afunse nambala ya zithunzi zimene yajambulapo, chifukwa kachitseko ka m'kati, kamene amati shata, kamatha ngati matayala. M'makamera otsikirapo mtengo anakapangira maulendo pafupifupi 100,000. Aunike lenzi ndi tochi aone ngati mulibe nkhungu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mlandu wina uli ndi inu a makomiti a ukwati. Ndinu amene mwakuza matendawa. Wojambula akabwera kudzapempha ntchito, maso anu amathamangira pa kukula kwa lenzi. Wa kamera yooneka modzichepetsa mumamutsitsa mtengo kapena kumubweza, wa chikwama chachikulu mumamupatsa mpando ndi fanta. Mapeto ake ana athu akukatenga katapila kuti agule chooneka, chifukwa aona kuti ntchito ikupita kwa wooneka. Ndinaonapo ndi maso anga zithunzi za chinkhoswe cha mwana wa mnzanga, zojambulidwa ndi chikamera choopsa: mitu yodulidwa, mkwatibwi wakuda bii chifukwa anamuimika kutsogolo kwa windo, nthawi ya pelekanipelekani anthu onse ngati mizukwa. Ndalama inali italipidwa kale yonse. Tsiku lina mukamasankha wojambula, muuzeni akuonetseni ukwati umodzi wathunthu umene anajambula, kuyambira kutchalitchi mpaka kuholo, osati zithunzi zisanu zosankhidwa za pa tsamba lake. Telala timamuyesa ndi diresi limene wasoka. Palibe amene amafunsa kuti mashini ake ndi aakulu bwanji.

Ndikudziwa kuti wina alemba m'munsimu kuti mayi inu mukupha maloto a achinyamata, munthu aphunzira bwanji popanda chida? Mwana wanga, maloto ako ndikuwafunira zabwino, n'chifukwa chake sindikufuna ayambe ndi ngongole. Zimene zimapanga wojambula, kudziwa komwe kuwala kukuchokera, poima, nthawi yodina, momwe ungamasulire munthu wamanyazi kuti amwetulire, zonsezi ungaphunzire ndi foni imene uli nayo m'manjamo. Ukafuna kuzolowera yaikulu, pita kwa wojambula amene ali kale pantchito, umunyamulire chikwama Loweruka lililonse, uone momwe amachitira m'tchalitchi magetsi akazima. Ukapeza ntchito yako yoyamba, chita hayala kamera ya tsiku limodzi, mtengo wake uuike pa kasitomala. Ukaona kuti ndalama ya hayala pamwezi yayamba kuyandikira mtengo wogula, pamenepo geni yakuuza yokha kuti nthawi yakwana. Ifenso sitinayambe ndi shopu. Tinayamba ndi zitenje zisanu pamkono.

Choncho musanatumize ndalama ija, khalani pansi ndi kope ndi cholembera. Lembani zimene mujambule mwezi uno, malo ake, ndi dzina la amene alipire. Ngati pa dzina la wolipira palibe kanthu, gulani kakang'ono kabwino kapena khalani ndi foni yanu, ndipo musachite manyazi ndi munthu. Ngati mayina alipo ndipo masamu akutuluka, gulani yaikuluyo pamodzi ndi lenzi yoyenera, muiphunzire mpaka kabatani kachoke pa Auto.

Ojambula a m'gulu muno, ndikudziwa mulipo ndipo magazi awira. Bwerani m'makomenti. Koma pobwera musanditumizire chithunzi cha kamera yanu. Nditumizireni chithunzi chimene munajambula, mundiuzenso kuti mpamba wanu unabwerera patatha miyezi ingati.