Mdzukulu wanga ndi nambala wani m'kalasi, koma pa sikelo ya venda anangoti duu

Kuno tikumaliza kupuntha soya, fumbi lokhalokha m'maso. Lero za mtengo wa feteleza tiziike kaye pambali. Pali nkhani ina imene yandisowetsa tulo kuyambira Loweruka.

Loweruka lapitali ndinatenga kathumba ka soya pa njinga kupita kumsika, ndinatengana ndi mdzukulu wanga wamkazi amene ali Sitandade 6. Mwanayu ndi wanzeru, teremu yatha anakhala nambala wani, masamu ndiye amakhoza kuposa onse. Venda anakoleka thumba pa sikelo, makilogalamu 37. Tinagwirizana K1,200 pa kilo. Iye anabayabaya pa foni nkuti, "Madala, ndalama yanu ndi K41,400."

Ine mumtima ndinali nditawerengera kale. Makilo 30 ndi K36,000, makilo 7 otsalawo ndi K8,400, zonse pamodzi K44,400. Munthu amafuna andidyere K3,000 masanasana. Koma ndinati ndimuyese mwanayu. Ndinamufunsa, "Iwe, tawerengera, achimwenewa akunena zoona?" Mwana anangoti duu, maso pansi. Kenako chapansipansi akuti, "Agogo, samu imeneyi sitinaphunzire."

Venda uja ndinamuwongola ndekha, anaseka nkuti chala chinaterereka. Koma titafika kunyumba ndinatenga kope lake nkulemba 37 × 1200. Abale, mphindi imodzi sinathe, wapeza 44,400. Ndiye kuti samuyo amaidziwa. Chimene sankadziwa nchakuti samu ya m'kope ndi ndalama ya soya ndi chinthu chimodzi. Kwa iye masamu amakhala m'kalasi, belu likalira amatsala konko.

Apa ndi pamene ndikufunsa: kodi ana athuwa timawatumiza kusukulu kuti akaphunzire, kapena kuti akaloweze?

Ndikudziwa ena a msinkhu wanga ayamba kale kunena kuti sukulu inali ya kale, ya nthawi ya Kamuzu. Pepani anzanga, ine ndinaliko, ndipo sindikuvomereza. Nafenso tinkaloweza, kusiyana kwake nkwakuti ife tinkaloweza ndi chikwapu. Ma times table tinkaimba ngati nyimbo, ukaphonya umatambasula dzanja. Ine ndinalekezera Sitandade 7 chifukwa cha fizi, koma kunena zoona zambiri zimene ndinaloweza ndi mantha zinathawa pamodzi ndi manthawo. Kuwerengera kwa m'mutu kumene ndinagwirira venda uja ndinakuphunzira pogulitsa tomato ndi mayi anga, pamene kulakwitsa chenji kunali kugona ndi njala.

Ndikaganiza bwino, zinthu zimene zinakhazikika mwa ine ndinaziphunzira mwa njira zitatu, ndipo ndikuona kuti njira zomwezi ndi zimene sukulu iyenera kutsata.

Choyamba, wophunzitsa ayambire pa zimene mwana akudziwa kale. Mwana wa kumudzi kuno safika kusukulu mutu uli mbee ngati chitini chopanda kanthu. Amadziwa kuti chimanga cha pansi pa mtengo wa mango chimakhala chonyozoloka, chachikasu. Amadziwa kuti mbuzi ikadya chinangwa chowawa imatha kufa. Mphunzitsi akayambira pamenepo nkufunsa kuti "nchifukwa chiyani", sayansi yalowa kale. Koma akayambira pa mawu aatali a Chingerezi olembedwa pa bolodi, mwana amakopera bwinobwino, nkuloweza, mayeso nkukhoza, osadziwa kuti akunena za chimanga cha kuseri kwa nyumba yawo. Chingerezi sindikudana nacho ayi, ana achidziwe ndithu, mayeso ambiri a Sitandade 8 amabwera m'Chingerezi ndipo ntchito zambiri zimafuna chomwecho. Koma chinthu chikavuta, palibe tchimo kuchimasulira m'chilankhulo chimene mwana amalota nacho, akamvetsa ndiye mumupatse dzina lake la Chingerezi.

Chachiwiri, munthu amakhulupirira zimene waona ndi kugwira. Alimi anzanga mukukumbuka mmene tinkakanira kubzala kwa Sasakawa. Alangizi ankatiuza pa msonkhano kuti njere imodzi pa phando, mapando atalikirane masentimita 25, mizere masentimita 75. Ife tinkangogwedeza mitu, tikafika kumunda nkuponya zitatuzitatu monga mwa makolo. Tinasintha liti? Pamene anakonza munda wachitsanzo m'mbali mwa msewu, mbali ina yathu, mbali ina yawo, tsiku lokolola tinayeza tokha matumba. Palibe anatikakamiza. Tsono ngati ife akuluakulu a imvi sitimva za pakamwa pokha, bwanji tikuyembekeza kuti mwana wa zaka 11 amve za pa bolodi pokha?

Chachitatu, ndipo ichi ndiye chachikulu kwa ine, wophunzira aloledwe kulakwa ndi kufunsa. Malemu bambo anga pondiphunzitsa kuluka nkhokwe anandisiya ndiluke yokhota. Ankaona, koma anangokhala pa mpando nkumasuta fodya wawo. Itapendekeka anandifunsa, "Waona pamene yayambira kukhota?" Ndinamasula ndekha, nkuyambanso. Mpaka lero nkhokwe yanga sipendekeka. Akanandilanda nsungwi nkuluka okha, kapena akanandimenya, bwenzi nditangophunzira kuopa nkhokwe. Akulu anati safunsa anadya phula, koma ife tomwe mwana akafunsa timati ndi wamwano. Kusukulu akalakwitsa anzake amamuseka, kunyumba akafunsa timamukalipira. Mdzukulu wanga pa sikelo paja sanayese nkomwe, chifukwa anazolowera kuti yankho umapereka pokhapokha ukutsimikiza kuti ndi limene aphunzitsi akufuna.

Tsono musandimve molakwa, aphunzitsi sindikuwaponya miyala. Chaka cha 1994 boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, ana oposa miliyoni imodzi anakhamukira kusukulu nthawi imodzi. Chinali chinthu chabwino, ine ndikanabadwa mochedwa bwenzi nditamaliza. Koma makalasi ndi aphunzitsi sizinachuluke mofanana ndi anawo, ndipo mpaka pano tikuona tokha kalasi ya ana oposa 100 mphunzitsi mmodzi, ena pansi pa mtengo, mvula ikabwera sukulu yathera pomwepo. Munthu ameneyo umuuze kuti amve funso la mwana aliyense, angathe bwanji? Komanso iye amayezedwa ndi chiwerengero cha ana amene akhoza mayeso a MANEB nkusankhidwa kupita ku sekondale. Ife makolo tomwe zotsatira zikatuluka timafunsa kuti asankhidwa angati, sitifunsa kuti amvetsa angati. Ndiye mphunzitsi akamaloweza ana mayankho a mapepala akale, akuchita zimene ife tamutuma.

Komabe zina sizifuna ndalama. Nditakhalako mu komiti ya sukulu ndinamva aphunzitsi akutchula mawu akuti TALULAR, akuti ndi kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalo pomwepo. Ndinaona mayi wina wa Sitandade 2 akuphunzitsa kuchotsera ndi zitsekerero za mabotolo ndi njere za chimanga, ana ali m'magulu, phokoso lili ndithu koma la ntchito. Ana ake aja chenji samalakwitsa. Munda wa sukulu nawonso usamakhale malo a chibalo cha ochedwa. Mwana amene amapatsidwa khasu ngati chilango adzakula akudana ndi khasu, pamene dziko lathu anthu ambiri timadya za khasu lomwelo. Mundawo ukhale poyezera mizere ndi chingwe, powerengera mapando, poyerekeza mzere wa manyowa ndi wopanda manyowa.

Ndipo tinene chilungamo, si onse adzapite ku sekondale, malo ndi ochepa. Ambiri adzabwerera kumudzi konkuno ngati ine. Ngati zaka 8 za pulayimale ntchito yake ndi kusefa ochepa opita patsogolo basi, nanga otsalawo atuluka ndi chiyani m'manja? Mwana womaliza Sitandade 8 azitha kuwerenga malangizo a pa botolo la mankhwala a mbewu, kuwerengera chiwongoladzanja cha ngongole ya banki m'khonde, ndi kumuuza venda mwaulemu kuti bwerezaninso samuyo. Kwa ine ameneyo ndiye waphunzira, kaya wasankhidwa kaya sanasankhidwe.

Ife makolo mbali yathu ilipo, tisamangoloza chala kusukulu. Ine ndayamba Lamulungu lomweli. Ndamupatsa mdzukulu wanga kope lakale kuti azilemba zonse zotuluka ndi zolowa pakhomo pano, matumba angati takolola, tagulitsa zingati, aganyu tawalipira zingati. Dzulo walakwitsa pophatikiza, ndinaona koma ndinakhala chete ngati bambo anga aja. Patapita kanthawi ndinangomva, "Agogo, dikirani, apa sizikugwirizana." Mtima wanga unachita kuti myaa.

Loweruka likubwerali tikupitanso kumsika ndi mtedza, ndipo ndamuuza kuti wolankhula ndi venda ndi iyeyo, ine ndikangogwira njinga. Ndidzakuuzani mmene zikayendere.

Nanga kwanuko zili bwanji? Aphunzitsi amene muli pano, ndiwongoleni pamene ndalakwa, ine ndi mlimi chabe.