Azamba athu akugona liti?

Akonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa nkhani ya azamba a m'zipatala zazing'ono zakumidzi, amene ambiri a ife timangowadziwa ndi mbiri yoti ndi aukali.

Mu 2007 boma linaletsa azamba akumudzi kubereketsa amayi. Ngakhale malemu Bingu wa Mutharika anafewetsa chiletsocho mu 2010, mafumu ambiri anapitiriza kulipiritsa mbuzi kapena nkhuku banja limene mayi wachilira pakhomo. Anthu anamvera. Kafukufuku wa boma wa 2015-16 anapeza kuti ana 91 mwa 100 alionse ankabadwira kuchipatala. Imfa za amayi zinatsika kuchoka pa 984 mu 2004 kufika pa 439 pa ana 100,000 obadwa amoyo. Izi ndi zonyaditsa ndithu. Koma katundu yense amene ankasenza agogo akumudzi tinamutula pamutu pa yani?

Pachipatala chaching'ono mupeza mzamba mmodzi kapena awiri. Yemweyo ndiye wa sikelo ya amayi oyembekezera, yemweyo wa kulera, yemweyonso woyang'ana amayi a kuchidikiro. Akati aweruke, nyumba yake ili pompo kuseri kwa chipatala, ndipo pakati pa usiku mlonda akugogoda kuti kwabwera matenda pa ngolo. Mnzake akapita kumaliro kapena kumaphunziro, ndiye kuti sabata yonse ali yekha. Ife aphunzitsi tinkadandaula ndi kalasi ya ana zana limodzi, koma belu likalira choko chinkatidikira mpaka mawa. Mwana wofuna kubadwa sadikira belu.

Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 limati munthu asapitirire maola 48 pa sabata, ndipo maola owonjezera alipidwe mwapadera. Kodi lamuloli limathera pa geti ya chipatala? Kuli ndalama ija amati lokamu, yolipira amene wagwira ntchito pa nthawi yake yopuma, koma azamba akhala akudandaula kuti ndi yochepa ndiponso imachedwa miyezi. Munthu wagwira usiku wa mu Januwale, ndalama n'kudzaiona chimanga chitacha!

Ena amati uzamba ndi maitanidwe, choncho asamatchule za ndalama. Abusa ndi ansembe amene mukuwerenga, inunso muli ndi maitanidwe, komatu mpingo umakusamalani. Ndiponso tinaona kale kuti ndalama imasunga anthu pantchito. Pamene anamwino ankathawira ku Britain, boma mothandizidwa ndi Britain yemweyo ndi Global Fund linawonjezera 52 peresenti pa malipiro a ogwira ntchito zachipatala mu 2005, ndipo m'zaka zotsatira chiwerengero chawo chinakwera. Tsono kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, malipiro a mzamba anafanana ndi mchere wosiyidwa pamvula. Chodabwitsa n'chakuti pali achinyamata amene anatsiriza maphunziro a uzamba koma akhala zaka pakhomo kudikira kulembedwa ntchito, pamene anzawo akuodzera ndi kutopa m'chipinda chochilira.

Sindikuikira kumbuyo mzamba wotukwana mayi amene ali pa ululu, ameneyo alangidwe. Koma dzanja la munthu amene sanagone masiku awiri ndi limene tikulidalira kuti liletse magazi pamene ambulansi ili kutali ku boma.

Pempho langa likupita kwa a makomiti a zipatala ndi atsogoleri a mipingo amene ali ndi zipatala za CHAM. Pakhale kaundula wa maola, monga wa kusukulu, wolemba nthawi iliyonse imene mzamba wadzutsidwa usiku, ndipo mfumu kapena wapampando wa komiti azisainira mwezi ukatha. Kaundulayo apite kwa DC ndi kwa phungu, kuti lokamu izibwera pamodzi ndi malipiro a mwezi womwewo, ndiponso kuti pamene pali mzamba mmodzi atumizepo wachiwiri.

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Ntcheu